Mimba Yotupa ndi Chiweruzo Chathu

Magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba sapita kumtima mwachindunji. Amayamba adzera m'chiwindi, kuti chiwasefe ndi kuchotsamo zoipa. Chiwindi chikauma ndi kudzala zipsera, magaziwo amasowa podutsa, nayamba kudzikundika mumtsempha waukulu wolowa m'chiwindimo. Pofuna njira ina, amalowa m'mitsempha yaing'ono ya kummero, imene singathe kusenza katundu wotere. Mitsemphayo imatupa, ndipo tsiku lina imaphulika, munthu nasanza magazi. Mimba imadzala madzi, kapamba amakula, ndipo zoipa zosasefedwa zikafika kuubongo wodwalayo amayamba kubwebweta.

Tikaona mbale ali chomwechi, ambirife timanong'onezana kuti, "Ndi kachasu ameneyu." Kodi tadziwa bwanji?

Nzoona kuti mowa umaumitsa chiwindi, ndipo sitidzaleka kuchenjezana za ichi. Koma kachilombo ka hepatitis B kamachitanso chimodzimodzi. Ambiri anakatenga pobadwa kapena ali makanda, ndipo kanakhala chete m'thupi zaka makumi angapo. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana onse m'Malawi mu 2002. Akulu ambiri amene tikhala nawo m'kalasi ya Sabata anabadwa chakacho chisanafike. Palinso likodzo la m'matumbo: mazira ake amatseka timitsempha ta m'chiwindi, kotero kuti msodzi kapena mlimi wa mpunga amene sanalawepo mowa amasanza magazi monga chidakwa. Mimba yotupa siulula chimene chinaitupitsa. Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa za amene anachimwa, ndipo Ambuye anakana mayankho awo onse awiri (Yohane 9:1-3).

Komatu tisathawire pamenepo, ngati kuti chifundo nchoyenera osalakwa okha. Nanga ngati mbaleyo anamwadi? Ena amati kumsamala ndiko kuchepetsa tchimo lake, ndi kuphunzitsa achinyamata kuti kumwa kulibe kanthu. Ganizoli lili ndi kulemera kwake, koma ine sindilivomereza. Wachinyamata amene wasambitsapo wodwala wotere safunanso ulaliki wina wa kudziletsa. Ndipo chiweruzo chathu sichimthera wodwalayo mumtima mokha. Woopa kunenedwa amabisa mimba yake m'malaya aakulu, amabisa chimbudzi chakuda bii chimene chili chizindikiro cha magazi otuluka m'kati, nafika kuchipatala mochedwa. Chikhalirecho thandizo lilipo: mankhwala monga propranolol amachepetsa kukankha kwa magazi mumtsempha uja, madokotala amatha kumanga mitsempha ya kummero ndi timalamba, ndipo wosiya mowa amachedwetsa kuwonongeka kwa chiwindi ngakhale zipsera zitayamba kale.

Munthu akasanza magazi, mufulumire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pa Sabata, pemphero likuchitikira m'njira. Mwina kudzafunika magazi oti amuwonjezere, ndipo adzafunsa ngati pali abale amene angapereke.