Munda wa Naboti ndi Ulemu wa Munthu Aliyense

M'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, muli nkhani ya munthu wamba dzina lake Naboti, wa ku Yezireele. Iye anali ndi munda wamphesa woyandikana ndi nyumba ya mfumu Ahabu. Mfumuyo inasirira mundawo kuti idzalemo ndiwo zamasamba, ndipo inalonjeza kumupatsa munda wina wabwino koposa kapena ndalama. Naboti anakana, pakuti mundawo unali cholowa cha makolo ake, ndipo malamulo a Mose pa Levitiko 25 ankaphunzitsa kuti nthaka ndi ya Mulungu, siyogulitsa mpaka muyaya.

Ahabu anabwerera kwawo atakhumudwa, nakagona pabedi osafuna kudya. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti munthu wopanda udindo anayerekeza kukana mawu a mfumu. Mkazi wake Yezebele analemba makalata m'dzina la mfumu, nawadinda ndi chidindo chake, n'kuwatumiza kwa akuluakulu a mzindawo. Anawalamula kuti alengeze tsiku losala kudya, akhazike Naboti pamalo aulemu, ndipo apeze anthu awiri achabechabe oti amunamizire kuti watukwana Mulungu ndi mfumu. Zonse zinachitika monga momwe analembera, ndipo Naboti anaponyedwa miyala mpaka kufa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Ahabu ndi Yezebele sanagwire mwala ngakhale umodzi. Amene anagwira ntchito yonyansayi anali akuluakulu a mumzinda wa Naboti yemwe, anthu omudziwa bwino, amene ankapemphera naye limodzi. Iwo anaopa chidindo cha mfumu kuposa Mulungu. Anagwiritsa ntchito bwalo la milandu ndi mwambo wachipembedzo pobisa kupha munthu wosalakwa. Nkhanza za wamkulu sizipita patali ngati palibe anthu apakati ozivomereza: mlembi wosowetsa fayilo, mboni yogulidwa, ndi mnansi wongoti "sizikundikhudza".

Koma Mulungu anaona. Anatuma mneneri Eliya kukakumana ndi Ahabu m'munda womwewo, ndi kumuuza poyera kuti wapha munthu ndi kulanda cholowa chake. Pamaso pa Chauta magazi a mlimi wa mphesa sanali opepuka kuposa a mfumu. Chifukwa chake chili pa Genesis 1:27, pomwe Malembo akuphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ulemu umenewu supatsidwa ndi boma, sukulu, mtundu kapena chuma, choncho palibe munthu angauchotse kwa mnzake.

Eklezia lakhala likuyenda m'mapazi a Eliya. M'chaka cha 390 mfumu Theodosius ya Aroma inaphetsa anthu ambirimbiri mumzinda wa Thessalonica. Ambrose Woyera, episkopi wa ku Milan, anaiuza kuti isayandikire guwa la Ambuye kufikira italapa poyera, ndipo mfumuyo inagonja. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII analemba kalata ya Rerum Novarum yoteteza ulemu wa anthu apantchito ndi malipiro oyenera. Kuno kwathu, pa 8 March 1992, kalata ya Aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse la Malawi, kudzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka komanso kutsekera anthu pakamwa. Aepiskopiwo anaopsezedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Lero gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ulemu wa munthu, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho.

Komabe munda wa Naboti ukadalandidwa m'tauni muno. Umalandidwa pamene mayi wamasiye achotsedwa m'nyumba ndi achibale a mwamuna wake maliro atangotha, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa mchitidwewu. Umalandidwa pamene poloti ya munthu wosauka ipezeka ili ndi mapepala a munthu wodziwana ndi akuluakulu. Umalandidwa pamene mtsikana wantchito adzuka tambala asanalire, agona ena onse atagona, adya mkute kukhitchini, koma malipiro ake achedwa miyezi iwiri. Umalandidwa pamene bwana apempha thupi la mtsikana wofuna ntchito, kapena pamene mlonda pageti akalipiridwa ndi funso lotchuka lija lakuti, "Kodi ukundidziwa kuti ndine ndani?"

Si olemera okha amene angakhale Ahabu. Aliyense ali ndi wina womuchepera: mphunzitsi ali ndi ana a sukulu, mwini nyumba ali ndi alendi, kondakitala ali ndi gogo wopanda chenji, wapampando wa mphakati ali ndi Mkhristu wosatha kupereka mtulo wa tchalitchi. Yakobe Woyera, pa mutu 2 wa kalata yake, anadzudzula Akhristu opatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide n'kumuimiritsa wosauka kumbuyo. Matendawa amalowa ngakhale m'nyumba ya Mulungu, pa kagawidwe ka maudindo ndiponso pa kuchuluka kwa anthu opita kumaliro a wotchuka kusiyana ndi a mphawi. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Nkhani ya Ahabu ili ndi chiyembekezo. Atamva mawu a Eliya anang'amba zovala zake, navala chiguduli, nasala kudya, ndipo Mulungu anaona kudzichepetsa kwakeko. Khomo la kulapa n'lotsegula kwa wamphamvu aliyense, koma kulapa koona kumayenda ndi kubweza. Amene ali ndi malipiro a wantchito wake awapereke sabata ino. Amene akusunga katundu wa ana amasiye amubweze. Amene anaona chosalungama nakhala chete apite kukachitira umboni.

Pa Misa ya lero bwana ndi mlonda wake aima pamzere umodzi, kulandira Thupi limodzi la Khristu, amene anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Ambuye athandize Akhristu a parishi ino kuti zochitika paguwa zipitirire kunyumba, kumsika ndi kuofesi. Amen.