Kupereka galu: mphatso kapena chinyengo?

Anzanga, mawu akuti "kupereka" ali pawiri. Timapereka mphatso, komanso Yudasi anapereka Mbuye wake. Ndiye mukatenga galu wanu n'kukamusiya ku LSPCA, bungwe losamalira nyama ku Lilongwe, kumeneko n'kupereka kwa mtundu uti?

Taganizani. Landilodi wakana ziweto, kapena ntchito yatha moti ngakhale gaga wophikira galu akusowa. Zikatere ena amangosamuka, galu n'kutsala pageti akudikira. Ena amakamutaya kutali kuti asabwerere, n'kumadzitonthoza kuti azikatola m'zinyalala. Komatu galu wotayidwa salandiranso katemera wa chiwewe, ndipo chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. Wodzalumidwayo ndi mwana wa mnzanu akupita kusukulu.

Kumalo osungira nyama nakonso kuli zowawa zake. Galu sadziwa za lendi. Amadziwa fungo lanu basi, ndipo adzalifunafuna. Palibenso angakulonjezeni kuti apeza mbuye wina msanga, makamaka akakhala wokalamba. Choncho musathamangire kumeneko chabe chifukwa watafuna nsapato. Yambani mwafunsa abale ndi aneba.

Koma ngati zakanikadi, pitani naye nokha. Kanene zaka zake, matenda ake, ngati anabayitsa katemera, ngakhalenso ngati amaluma. Manyazi onena pamaso pa anthu kuti "ndalephera" ndi anu, asenzeni. Galuyo wakulonderani usiku zaka zonsezi popanda malipiro. Ngongole yanu ndi yoonetsetsa kuti wachoka m'manja mwanu n'kulowa m'manja mwa munthu wina.

Nanga inu mukuti bwanji?