Kuonetsera Minofu ya Pamimba—Kodi Kumavumbulanji?

M'BANDAKUCHA, maminibasi asanadzaze m'misewu ya Johannesburg, nyumba zochitiramo maseŵera olimbitsa thupi zimakhala zitatsegulidwa kale. Zina nzazikulu ndi zodula, monga za ku Sandton, zokhala ndi akalirole oyambira pansi kufika kudenga. Zina, ku Soweto kapena ku Hillbrow, zangokhala chipinda chimodzi, mmene anyamata amanyamula zitsulo zakale ndi simenti youmbidwa m'zitini. Komabe, m'malo onsewo chinthu chimodzi nchofala. Atamaliza maseŵerawo, mnyamata amapinda malaya ake kufika pachifuŵa, natulutsa mpweya wonse, nakunga mimba yake kufikira minofu itaonekera m'magawomagawo, ndiyeno amadzijambula ndi foni. Posapita nthaŵi chithunzithunzicho chafika kwa mabwenzi ku Mangochi, ku Chipata, kapena ku Tete.

Awo amene agogo awo anapita ku Joni pansi pa Wenela kapena Theba angakumbukire zithunzithunzi za mtundu wina: mwamuna wovala suti ndi chipeŵa, ataimirira mwaulemu m'nyumba yojambulira. Panthaŵiyo mimba yotuluka ndiyo inali chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo munthu woonda anali kufunsidwa ngati anali kudwala. Fashoni yasintha, koma uthenga wotumizidwa kumudzi ngwofananabe: 'Taonani mmene ndakhalira!' Popeza kuti achichepere ena achikristu, anyamata ndi atsikana omwe, akukopeka ndi mchitidwewu, nkoyenera kufunsa kuti: Kodi Yehova amauona motani?

Kuchokera Pabwalo la Mpikisano Kufika Pafoni

Kuonetsera minofu pamaso pa kamera sikwatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Eugen Sandow, wobadwira ku Prussia, anatchuka mwa kuima ngati chifaniziro chachigiriki ndi kugulitsa zithunzithunzi zake. Mu 1901 iye analinganiza mpikisano waukulu wa matupi mu Royal Albert Hall ku London.

Johannesburg ali ndi malo akeake m'mbiri imeneyi. Reg Park, Mngelezi wobadwira ku Leeds mu 1928, anakwatira mkazi wa ku South Africa nakhazikika mumzindawo, mmene anatsegula nyumba zolimbitsiramo thupi. Iye anapambana mpikisano wa Mr. Universe mu 1951, 1958, ndi 1965, ndipo anaseŵera monga Hercules m'mafilimu a ku Italy. Zithunzithunzi zake nzimene zinasonkhezera mnyamata wina wa ku Austria, Arnold Schwarzenegger, amene pambuyo pake anamgonjetsa ku London mu 1970, ndi kupambana mpikisano wa Mr. Olympia wochitikira ku Pretoria mu 1975. Park anaphunzitsabe ena kufikira ukalamba wake, namwalira ndi kansa yapakhungu ku Johannesburg mu November 2007, ali ndi zaka 79.

M'masiku amenewo oonetsera matupi anali oŵerengeka, ndipo anachita zimenezo pa tsiku la mpikisano. Lerolino aliyense wokhala ndi foni ali ndi bwalo lake, ndipo oweruza ake samapita kunyumba.

Zimene Chithunzithunzi Chimabisa

Minofu imene ambiri amaitcha six-pack siimachita kupangidwa ndi maseŵera. Munthu aliyense ali nayo chibadwire. Iyo ili mnofu wautali wotsika mbali ziŵiri za mchombo, wodulidwa ndi timizere tolimba topingasa, ndipo kuchuluka ndi kakhalidwe ka magawowo nzachibadwa. Ntchito yake ndiyo kupinda msana, kutetezera zam'kati, ndi kuthandiza pa kupuma ndi kutsokomola. Ndithudi, mpangidwe wotero umalemekeza Mlengi. (Salmo 139:14) Koma kuti magawowo aonekere kunja, mafuta a pansi pa khungu ayenera kuchepa kwambiri, ndipo maseŵera a pamimba paokha sachotsa mafuta a pamalopo.

Chotero zambiri zimene woonerera amasirira nzakanthaŵi chabe. Wojambulidwayo wasankha kuunika kochokera pamwamba kumene kumazamitsa mithunzi, wajambula asanadye, wagwira mpweya, ndipo mwa zithunzithunzi zambiri watumiza chimodzi. Atangokhala pansi, mimba yake imapindika mofanana ndi ya wina aliyense. Ngakhale akatswiri samakhala chaka chonse ali mmene amaonekera pampikisano. Amadzimana chakudya kwa milungu yambiri, ndipo ena amachotsa madzi m'thupi ndi mankhwala okodzetsa. Mu October 1992, Mohammed Benaziza anamwalira ku Netherlands patangopita maola angapo atapambana mpikisano, ndipo malipoti anagwirizanitsa imfa yake ndi kutha kwa madzi m'thupi. Pamene omvetsera anali kumuombera m'manja, iye anali pafupi kufa.

Ndiyeno pali masteroid, mankhwala okulitsa minofu amene angavulaze mtima ndi chiŵindi ndi kuchititsa ukali. Mu South Africa nkosaloledwa kuwagulitsa popanda chilolezo cha dokotala, komabe afika ngakhale kwa ana asukulu. Bungwe la South African Institute for Drug-Free Sport linapeza kuti anyamata 6 oseŵera rugby pampikisano wa Craven Week wa 1⁠8 ndi ocheperapo zaka mu 2018 anali atawagwiritsira ntchito. Mu 1997 dokotala wa maganizo Harrison Pope wa ku Harvard ndi anzake anafotokoza vuto limene analitcha muscle dysmorphia, pamene munthu wa minofu yaikulu amadziona kukhala wamng'ono nthaŵi zonse. Kalirole amene anayembekezera kuti adzamkhutiritsa amakhala mbuye wake wankhanza.

Zimene Paulo Anauza Timoteo

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti kulimbitsa thupi nkolakwa? Kutalitali! Baibulo limavomereza kuti nyonga ndiyo kukongola kwa anyamata. (Miyambo 20:29) Munthu wogwira ntchito atakhala tsiku lonse, kaya ndi mlonda wa pachipata kapena woyendetsa galimoto, angapinduledi ndi maseŵera achikatikati, ndipo minofu yolimba ya pamimba imachirikiza msana.

Mtumwi Paulo anapereka lingaliro loyenera pamene analembera Timoteo, yemwe panthaŵiyo anali ku Efeso, mzinda umene mabwinja ake akusonyezabe nyumba zazikulu za maseŵera. (1 Timoteo 1:3) Pa 1 Timoteo 4:7, 8, iye anavomereza kuti kuzoloŵetsa thupi kuli ndi phindu, koma laling'ono poyerekezera ndi kudzipereka kwaumulungu, kumene phindu lake limafika ku moyo ulinkudza. Liwu lachigiriki limene anagwiritsira ntchito ndilo gy·mna·siʹa, lochokera ku liwu lotanthauza "wamaliseche," pakuti Agiriki anali kuseŵera ali osavala. Kwa iwo nyumba ya maseŵera inali malo oonera ndi kuonedwa.

Ayuda anali ataona kale kumene mzimu umenewo ungatsogolere. Cha m'ma 175 B.C.E., mu ulamuliro wa Antiochus IV, mkulu wa ansembe Yasoni anamanga nyumba yoteroyo mu Yerusalemu. Buku la Amakabeo Wachiŵiri, limene silili louziridwa koma lili ndi mbiri yothandiza, limasimba kuti ansembe anayamba kunyalanyaza nsembe za pakachisi ndi kuthamangira ku bwalo la maseŵera. Palibe amene anawauza kukana Yehova. Chidwi chawo chinangosamuka. Mofananamo, mbale amene amatha kudzuka 4 koloko mmaŵa kukanyamula zitsulo, koma namawodzera pamisonkhano yampingo ndi kusoŵa nthaŵi ya phunziro laumwini, wasonyeza kale chimene chili chachikulu kwa iye.

Chipilala cha Abisalomu

Komabe, kulimbitsa thupi ndi kulionetsera nzinthu ziŵiri zosiyana. Mnofu umalimba mofananamo kaya wajambulidwa kapena ayi. Chithunzithunzi sichimawonjezera kanthu pa thanzi. Icho chimapangidwira maso a ena. Ndipo apa mpamene mtima umaloŵa m'nkhaniyo.

Talingalirani za Abisalomu mwana wa Davide. Mu Israyeli yense munalibe wina wotamandidwa chifukwa cha kukongola monga iye. Thupi lake linalibe chilema chilichonse. Kukongolako sikunali tchimo. Yosefe nayenso anali wokongola, ndipo anakhalabe wodzisunga. (Genesis 39:6-12) Koma cholembedwacho chimawonjezera mfundo yochititsa chidwi: pamene Abisalomu anameta tsitsi lake chaka ndi chaka, linali kupimidwa, ndipo linalemera masekeli 200, makilogalamu oposa 2. (2 Samueli 14:25, 26) Kodi munthu angapimirenji tsitsi limene wameta, ngati si kuti ena amve chiŵerengerocho? Pambuyo pake iye anadzipezera galeta ndi amuna 50 othamanga patsogolo pake, ndiponso anadziimikira chipilala m'Chigwa cha Mfumu nachitcha dzina lake. (2 Samueli 15:1; 18:18) Njala ya kutamandidwa imeneyo inakula kufikira anafuna mpando wachifumu wa atate wake. Mtembo wake sunaikidwe pansi pa chipilalacho, koma unaponyedwa m'dzenje m'nkhalango ndi kukwiriridwa ndi mulu wa miyala.—2 Samueli 18:17.

Zoonadi, wachichepere wotumiza chithunzithunzi sakukonza chipanduko. Koma kuŵerenga mobwerezabwereza anthu amene achikonda pa Facebook kapena Instagram sikuli kutali kwenikweni ndi kupima tsitsi. Mtumwi Yohane anaika kudzionetsera pamodzi ndi zilakolako za thupi ndi za maso monga zinthu zochokera kudziko. (1 Yohane 2:16) Ngakhale mneneri Samueli anachita chidwi ndi msinkhu wa Eliyabu, ndipo anafunikira kukumbutsidwa kuti Yehova amapenda mtima. (1 Samueli 16:6, 7) Wamasalmo ananena kuti Mulungu sachita chidwi ndi miyendo yamphamvu ya munthu, koma ndi awo omuopa. (Salmo 147:10, 11) Nkosangalatsanso kuti pa Miyambo 20:27 malemba achihebri amatchula zipinda zam'kati mwa mimba monga malo amene nyali ya Yehova imafufuza. Iye amayang'anadi pamimba pa munthu, koma mozama kuposa pamene kamera imafika.

Maso a Ena

Palinso oonererawo. Uphungu wa kuvala mwaulemu ndi modekha wa pa 1 Timoteo 2:9 unalembedwera akazi, koma lamulo lake la mkhalidwe limakhudzanso amuna. Mbale amene sangaime pakhomo la Nyumba ya Ufumu atapinda malaya angadzifunse chifukwa chake ali wofunitsitsa kuonekera motero m'manja mwa mpingo wonse. Chithunzithunzicho chingadzutse chilakolako mwa mlongo amene akuyesayesa kusunga maganizo ake ali oyera, kapena mwa mkazi wa mwini. (Mateyu 5:28, Aroma 14:13) Chingayambitse mpikisano ndi kaduka pakati pa anyamata. (Agalatiya 5:26) Chingalefule wachichepere wonenepa chibadwire kapena wodwaladwala, amene amayerekezera thupi lake la tsiku ndi tsiku ndi mphindi imodzi yosankhidwa ya mnzake. Ndipo kwa mwamuna wogwira ntchito ku Joni, amene mkazi wake anatsala kumudzi, mauthenga oyamikira ochokera kwa akazi achilendo angakhale chiyambi cha tsoka.—Miyambo 29:5.

Malemba samaika lamulo la kuchuluka kwa maseŵera amene Mkristu angachite, ndipo akulu samapanga malamulo awoawo pankhaniyi. (2 Akorinto 1:24) Makolo amene apeza chithunzithunzi choterocho pafoni ya mwana wawo angachite bwino kusathamangira kukalipa. Kaŵirikaŵiri kumbuyo kwake kuli mnyamata amene anasekedwa kusukulu chifukwa cha kuonda, kapena amene ali yekhayekha mumzinda waukulu ndipo sanamvepo liwu la chiyamikiro kwa miyezi yambiri. Atate angayambe mwa kumfunsa modekha kuti chithunzithunzicho anajambulira yani, ndiyeno nkumvetsera yankho lake kufikira atamaliza.