Kodi Kupuma Ndi Ulesi?

Fodya walowa m'mabelo, msika wa ku Chinkhoma uli kutha, ndipo ana a sukulu ali pa tchuthi chachikulu. Nyengo ino mafunso awiri atifika kawirikawiri. Lina ndi la anyamata ofuna kukaona nyanja, mapiri ndi mapanga. Lina ndi la akulu odandaula kuti ana awo angokhala patsinde pa mtengo ndi pensulo, nadzaza mawu m'timabokosi ta m'nyuzipepala. Mafunso onsewa muzu wake ndi umodzi: kodi Mkhristu achimwa akatula khasu asanadwale?

Ife a ku Kasungu tiopa ulesi, ndipo tichita bwino. Fodya sadziwa chifundo. Dzuwa lili pamutu tithirira nazale. Mvula yoyamba ikagwa tiwokera. Pambuyo pake tipalira, tithyola, tisoka, tiyanika m'chigafa, tisankha ndi kudinda. Tisanawerenge bwino ndalama za chaka chino, nazale ya chaka chamawa yayamba kutiitana. Chotero ambiri a ife tazolowera kuyesa munthu aliyense wokhala pansi ngati mbala ya nthawi.

Koma Mawu a Mulungu satero. Lamulo lachinayi lilamula ntchito ndi kupuma pamodzi. Ambuye Yesu, ataona ophunzira ake atatopa osapeza ndi mpata wakudya, anawatenga m'ngalawa kunka nawo kwa okha. Eliya anamva mawu a Yehova ali kuphanga la ku Horebu, atagona ndi kudya panjira. Tsono kupuma si ulesi. Waulesi athawa ntchito. Wopuma asonkhanitsa mphamvu kuti abwerere ku ntchito.

Dziko lathu lili nazo zambiri zopumitsa mtima. Kumadzulo kwathu kuno kuli nkhalango ya Kasungu, kumene mvuu zisambira m'damu la Lifupa, ndipo ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo zikalipo. Kum'mawa msewu utsikira ku Nkhotakota, kumene Livingstone anakambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo m'chaka cha 1863. Ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo m'chaka cha 2006 a UNESCO anawawerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi. Phiri la Nkhoma likumbutsa masiku amene anthu a Mazengera anakhala pamwamba pake poopa nkhondo ya Angoni. Mwana amene waima m'malo otere aphunzira kuti mtendere umene alimamo atate wake sunakhalepo nthawi zonse, ndipo abwera kwawo ali woyamika.

Nanga za timabokosi tija? Masewerawa Angerezi awatcha crossword. Oyamba anatuluka m'nyuzipepala ya New York World pa 21 Disembala 1913, ndipo anawakonza Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool. Machitidwe ake ndi awa: upatsidwa funso, nupeza liwu lolingana ndi mabokosi, mawu ena opita cham'mbali, ena otsika, ndipo apingasana pa chilembo chimodzi. Akulu asadabwe nazo, pakuti ndi mbale wake wa zilape zimene agogo ankatiponyera madzulo pamoto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene alimbana ndi liwu limodzi osataya mtima ali kunola nzeru monga tinola chikwanje.

Tsono m'masewera omwewa muli phunziro limene tifuna kuti lisatidutse. Liwu likhoza kukwana bwino m'mabokosi ake, koma likaononga linzake lopingasana nalo, ndiye kuti ndi lolakwa, ndipo liyenera kufufutidwa. Momwemonso kupuma kwathu. Sikukwanira kuti kwatikomera ife. Tiyenera kuyang'ana pamene kwakomana ndi moyo wa anzathu.

Taonani bambo amene walandira ndalama za fodya, nakwera galimoto kunka kunyanja ndi abwenzi a mowa, nasiya mkazi amene anasoka naye fodyayo alibe ndi mchere womwe. Iye ati ali kupuma, koma chimene achita ndi kuba. Taonaninso mwini munda amene atuma ana ake kukaona phiri la Mulanje, pamene antchito ake sanalandire malipiro awo, ndipo ana a antchitowo athera tchuthi chonse m'chigafa. Tidziwa tsopano kuti ululu wa fodya wamuwisi ulowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka masamba akanyowa, nuchititsa mutu, chizungulire ndi kusanza, ndipo ana ndiwo uwagwira msanga. Boma linaletsa utenanti ndi lamulo m'chaka cha 2021, koma lamulo la boma silingathe kulowa mumtima wouma. Lamulo la Mulungu linatsogola kalekale, pakuti potchula oyenera kupuma linatchula wantchito, mlendo, ngakhale ng'ombe yomwe.

Ena adzati, Ife tilibe ndalama za ulendo, nanga tipuma bwanji? Abale, kupuma sikugulidwa. Phiri la Kasungu lili pakhomo pathu, ndipo wokwerapo aona minda yonse imene imsowetsa tulo itachepa ngati mphasa. Bawo, nthano ndi zilape sizilipiritsa. Aphunzitsi angathe kulemba mabokosi pa bolodi ndi kukonza mafunso a Chichewa, a maina a mitsinje, mitengo ndi anthu a m'Buku Lopatulika, kuti ana ndi akulu asangalale pamodzi.

Chifukwa chake tipempha eni mabanja ndi akulu a mpingo kuti asanalole kapena kuletsa ulendo kapena masewera, afunse zinthu zitatu. Kodi ngongole ya wantchito yalipidwa? Kodi amayi ndi ana ali nalo gawo pa chimwemwechi? Kodi wopumayo adzabwerera ku nazale ali wamphamvu ndi woopa Mulungu koposa kale? Mayankho atatuwa akagwirizana, mlekeni apite, ndipo Ambuye amsunge panjira.