KODI ADZATISAMBITSA NDANI?

Mnzanga wacinyamata, ukamva kulira m'bandakuca muno m'Lilanda, udziwa kale zimene zidzatsatira. Mipando idzatulutsidwa panja. Amai adzayala mphasa m'nyumba, abambo adzasonkha moto pabwalo, ndipo ife a kwaya tidzafika madzulo kudzacezera ndi nyimbo. Zonsezi tizidziwa bwino. Koma pali nchito imodzi imene ambiri a ife sitinaionepo, ndiyo yosambitsa ndi kubveka womwalirayo. Kodi unadzifunsapo kuti amaicita ndani?

Ine ndinafunsidwa funso limeneli pa maliro a amalume anga. Iwo anamwalirira pa nyumba usiku. Monga mwa lamulo, tinayamba tapita ku polisi kukatenga kalata, pakuti womwalirira kunyumba salandiridwa ku mochale popanda kalatayo. Patapita masiku atatu, m'mawa wa tsiku loika, tinabwerera ku mochale ndi bokosi, sopo, thaulo ndi suti yao. Pakhomo anati, "Abale aamuna awiri alowe." Onse anayang'ana ine, mphwao amene anandilipirira ku koleji. Miyendo yanga inalema. Ndinanama kuti ndipita kukaona za galimoto. Amene analowa m'malo mwanga ndi mkulu wina wa mu mpingo wathu, munthu wosakhala mbale wathu, amenenso amalume sanali kumvana naye kweni-kweni. Kufikira lero manyazi a tsiku lija sanandicoke.

Tsono tiyeni tiganize pamodzi. Ena amati, "Munthu wapita, catsala ndi thupi cabe. Bwanji kubvutika nalo?" Mau awa amveka ngati anzeru. Zoonadi womwalira samva madzi, saona suti, ndipo sadzatiyamika. Koma ngati ndi tero, n'cifukwa ninji palibe mmodzi wa ife angalole kuti thupi la amai ace liponyedwe pa lole ngati thumba la malasha? Mtima wathu udziwa cimene pakamwa pakana. Manja aja ndiwo anatiphikira nsima, msana uja ndiwo unatibereka. Sitinamdziwe munthuyo mwa njira ina koma m'thupi lomwelo.

Ndiponso cifundo cocitira womwalira ndico cifundo coyera koposa, popeza iye sangabweze. Ukathandiza wamoyo, kamtima kena kamayembekeza kuti mawa adzakukumbuka. Wakufa alibe mawa lotibwezera. Pamenepo ndi pamene pamaonekera ngati ulemu wathu kwa anthu uli weni-weni, kapena ngati unali malonda cabe.

Makolo athu kum'mawa, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Chipata, anaikonza bwino nkhani imeneyi. Kumudzi kunalibe mochale. Thupi linali kugona m'nyumba, ndipo adzukulu ndiwo anali kulisamalira, kukumba manda ndi kuika, kuti ofedwa asasenze okha katundu yense. Mwamuna anali kusambitsidwa ndi amuna, mkazi ndi akazi. Muno m'tauni zinthu zinasintha. Thupi ligona kutali, ku UTH kapena ku cipatala cina, pamene ife tilira pa nyumba yopanda mwini wace. Manda ali ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, ndipo pafunika cilolezo ca ku kanselo. Anansi athu ndi Abemba, Atonga, Alozi ndi Ansenga. Motero udzukulu unagwera mipingo, makamaka amai a zigwirizano ndi madoda owerengeka a tsitsi laimvi. Awerenge a mu mpingo mwanu. Kodi afika khumi? Nanga mwa iwo alipo wosafika zaka 40?

M'Baibulo nchito iyi siinyozedwa. Pa Yohane 19 tiwerenga za Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, anthu olemekezeka, amene anatenga thupi la Ambuye ndi kulikulunga m'nsaru pamodzi ndi zonunkhira, pamene ophunzira ambiri anali atathawa. Pa Macitidwe 9, Dorika atamwalira ku Yopa, anzace anamsambitsa ndi kumgoneka m'cipinda capamwamba. Sanadziwe kuti adzauka. Anangocita cimene cikondi cinawauza.

Koma pano pali mbali ina yobvuta, ndipo tisaibise. Kolera itabuka mu Lusaka mu October 2017, ndi kubweranso mu October 2023 kufikira bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, mabanja analetsedwa kusambitsa abale ao. A zaumoyo ndiwo anali kukonza thupi ndi klorini, ndipo maliro anali kuikidwa msanga. Cimodzimodzi m'nthawi ya COVID-19 mu 2020 ndi 2021. Ambiri anawawidwa mtima, ena nafuna kubisa cimene capha mbale wao. Kodi amene anamvera lamulo anacimwira akufa ao? Ine nditi iai. Tizirombo ta kolera timatsalira m'zoturuka m'thupi, ndipo manja amene asambitsa mtembo m'mawa ndi omwewo adzagawa cakudya kwa olira masana. Ulemu wopatsa wakufa umene ubala maliro ena atatu suli ulemu. Pa nthawi yotere kudziletsa ndiko cikondi. Cimene cifunika ndi mtima wosamtaya munthu, ngakhale pamene manja aletsedwa kumkhudza.

Coopsa ceni-ceni cili pa masiku wamba, pamene palibe cotiletsa koma mantha ndi ulesi. Tifika pa maliro titachena, tikankhana pa mzere woona nkhope, ena ajambula ndi foni, kenaka tithamangira mbale ya nsima. Nchito yobisika ija tisiyira okalamba. Akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Okalambawo akadzatha, adzazima zathu ndani?

Sindikuti mawa lomwe ulowe mu mochale. Mantha si cimo, ndipo ine ndiwadziwa bwino. Yamba ndi zazing'ono. Tunga madzi, tema nkhuni, perekeza ofedwa ku polisi ndi ku kanselo, nyamula bokosi. Pambuyo pace pita kwa mkulu kapena mai amene amagwira nchitoyi, umpemphe kuti akuphunzitse mwambo wace ndi madzitetezedwe ace, monga kubvala magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo. Ine ndinapita kwa mkulu uja. Sanandidzudzule. Anangoti maliro ena akadzagwa ndidzaime pambali pace ndi kugwira thaulo. Ndinagwira, ndipo manja ananjenjemera, koma sindinathawe.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Ndani amasambitsa akufa mu mpingo mwanu? Kodi munawayamikapo?
2. Nanga womwalira wopanda abale muno m'komboni, ali m'manja mwa yani?
3. Pa maliro otsatira, gulu lanu lidzagwira nchito iti kuonjeza pa kuyimba?