Ukanena za ku Joni, Nena Zonse

Mwana wanga, si mawu onse osaona amene akulu timawatcha bodza. Ukafika pakhomo la eni ku Embangweni, nsima ili yochepa, ana akuyang'ana mbale, iwe nkunena kuti "ndadya kale", sunalakwe. Mwini nyumba akudziwa, iwenso ukudziwa, ndipo palibe amene wataya kanthu. Umenewo ndi ulemu. Bodza lenileni ndi lija lochititsa mnzako kugulitsa chake kapena kuyembekezera pachabe chifukwa chokhulupirira pakamwa pako.

Choyamba, usamakometse za ku Joni. Kuno ku Mzimba ulendo wa ku South Africa sunayambe lero. Agogo ako ankapita pa Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha anthu oposa 70, Kamuzu nkuletsa ulendowo. Lero mumapita pa basi, koma bodza lake silinasinthe. Kale munthu ankabwera ndi suti ndi njinga, osatchula za fumbi la mumgodi. Inu mumajambulitsa mutatsamira galimoto ya bwana nkuika pa Facebook. Mng'ono wako akaona, amakakamiza bambo kugulitsa ng'ombe zapagoli kuti nayenso anyamuke. Umuuze kuti mumagona ambiri m'kachipinda kamodzi, kuti wopanda mapepala amagwidwa nkukasungidwa ku Lindela, kuti mu 2008 ndi 2015 anzathu anathawa zipolowe ali chimanjamanja. Akamva zonsezo nkupitabe, ndi zake. Ukamubisira, ng'ombe zija wadya ndiwe.

Ukakhala kuti ndiwe wotsala kumudzi, ndalama za mbale wako uzigwire ndi mantha. Watumiza pa Mukuru kuti umumangire nyumba yamalata, iwe wagulira feteleza kapena walipirira mwana fizi. Nena choncho. Adzakwiya, koma mkwiyo wotero umatha. Usamanene pafoni kuti nyumba yafika pa lintala pamene njerwa sizinawotchedwe nkomwe. Disembala amafika ndithu, mwana wanga, ndipo mlandu suwola. Ndaona abale a bere limodzi akuleka kulonjerana ngakhale pamaliro chifukwa cha zimenezi.

Kukhala chete nakonso kumanama. Walowola mkazi, ng'ombe zapita kwa apongozi, wamusiya akusamala makolo ako, iwe uko wakwatira wina koma osanena. Sunayankhule bodza, inde, koma mwana wa eni akukalamba akudikira. Otere kale tinkawatcha matchona, ndipo silinali dzina lonyadira.

Pamalonda ndisachulutse. Ukamagula soya kapena chimanga pa Jenda, sikelo yako inene zoona. Ukamagulitsa tomato, wowola usamubise pansi pa beseni. Wogula wa pa basi sadzabweranso, zoona, koma amene wakhala nawe pafupi waona, ndipo mawa ukadzafuna ngongole adzakumbukira.

Pabwalo la amfumu nena chimene waona ndi maso ako, osati chimene akufuna amalume ako. Malire a munda ukawanamizira lero, amene adzamenyanirane ndi adzukulu.

Koma usatenge chilungamo ngati chibonga. Wodwala suumuuza kuti watha thupi, ndipo cholakwa cha mkulu suchinena pagulu. Umapita naye kuseri, kapena umatuma mkulu mnzake. Nkhani ya uthenga wamaliro nayonso imayamba ndi "matenda akula", kuti mtima wa womva ukonzeke.

Tsono ukamuimbira foni mkulu wako madzulo ano, umuuze pamene nyumba yake yafika.