Mwana Akadzuka Thupi Likutentha

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:18-37

Amayi anzanga mwa Ambuye, mwana wa mayi wa ku Sunemu anadwala nthawi yokolola. Anatsatira bambo ake kumunda, nayamba kulira mutu. Bambowo, pokhala otanganidwa ndi okolola, anangouza wantchito kuti amunyamule apite naye kwa mayi ake. Mwanayo anakhala pamiyendo ya mayi ake mpaka masana, namwalira. Matenda amene anayamba mmawa anamaliza dzuwa lili pamutu.

Ife a ku Thyolo nkhaniyi tikuimva bwino. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ku Satemwa, Conforzi kapena Makandi dengu limayembekezera mayi mbandakucha. Miyezi yomweyo ndi ya udzudzu ndi matenda otsekula m'mimba. Mwana akati mutu ukuwawa, mtima umawerengera makilogalamu a tsikulo ndi nkhope ya akapitawo, ndiye timati, "Pita, ukamwa phala kusukulu upeza bwino." Sindikuweruza munthu, pakuti ndalama ya tsikulo ndiyo ufa wa mawa. Koma mphunzitsi wa ana odzaza kalasi sangaone kuti wanu wagona pansi chifukwa cha malungo.

Mukhudzeni pachipumi ndi pakhosi musananyamule dengu. Ngati thupi likutentha, asapite kusukulu, komanso asangogona m'nyumba yekha: akayezedwe magazi tsiku lomwelo, kuchipatala cha pa esiteti kapena china chapafupi. Panado amaziziritsa thupi koma sapha tizilombo ta malungo. Akapatsidwa LA, amwe kawiri pa tsiku masiku onse 3, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akamakomoka, kusanza chilichonse, kulephera kumwa, kuuma khosi kapena kupuma mobanika, musadikire kuti kuche. Mayi wa ku Sunemu atafunsidwa ndi mwamuna wake chifukwa chopitira kwa Elisa tsiku losakhala Sabata, sanataye nthawi ndi kukambirana. Anamanga bulu nanyamuka.

Pali matenda ena amene mwana amaoneka wamphamvu koma atha kupatsira anzake: chikuku, katsabola, maso ofiira otuluka manthongo. Kumusunga pakhomo ndi kukonda mwana wa mnzako monga wako. Wotsekula m'mimba naye akhale, azimwa Thanzi ORS pafupipafupi, ndipo chimbudzi chikakhala chamadzimadzi ngati otsukira mpunga, thamangani naye. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Chimfine chochepa, mwana akudya ndi kusewera, si chifukwa chojombera. Mayi amamudziwanso mwana amene m'mimba mumamupweteka tsiku la mayeso a masamu lokha! Komabe akamadandaula mmawa uliwonse, mufunseni modekha; mwina wina akumuvutitsa panjira.

Chimene chimandiwawa ndi ichi: wamng'ono akadwala, timajombetsa mtsikana wamkulu kuti akhale mlezi. Lero tsiku limodzi, mwezi wamawa masiku atatu, pofika Sitandade 8 watsalira kutali. Pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane, m'mudzi uliwonse ndi m'malaini a pa esiteti, kuti ndi mayi uti amene sali pantchito angamatsale ndi mwana wodwala, ndi ndani ali ndi njinga yomutengera kuchipatala.